Dzina ndi la ku Japan, koma mowawo wafululidwa kuti?

Mukagula botolo la Asahi Super Dry ku London, la Kirin Ichiban ku Munich kapena chitini cha Sapporo ku Toronto, kawirikawiri mowawo sunapondeko ku Japan. Kutsogolo kuli zilembo za Chijapanizi zowoneka bwino, koma mukatembenuza n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo mupeza fakitale ya ku Italy, Germany, Canada kapena Vietnam. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: gawo loposa 90 peresenti la mowa ndi madzi, ndipo kuwolotsa madzi panyanja m'mabotolo olemera kumadya ndalama zambiri. Kwa Amalawi iyi si nkhani yachilendo. Fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Denmark, ndipo palibe amene ankayembekezera kuti Green wa pagolosale wachokera ku Copenhagen.

Makampani akuluakulu a ku Japan ndi anayi: Asahi, Kirin, Sapporo ndi Suntory. Sapporo inagula Sleeman ya ku Guelph, ku Canada, mu 2006, inatsegula fakitale ku Long An ku Vietnam mu 2011, n'kugulanso Stone Brewing ya ku America mu 2022. Asahi inagula Peroni mu 2016, ndiye Super Dry wambiri wa ku Ulaya wakhala akufululidwa ku Italy. Kirin Ichiban wa ku Ulaya wakhala akutuluka ku Weihenstephan, m'tauni ya Freising ku Germany. Ku America, kwa zaka zambiri Kirin ankafululidwa ndi Anheuser-Busch ku Los Angeles ndi ku Williamsburg, ndipo ogula anakadandaula kukhoti kuti lebo inkawachititsa kuganiza kuti mowawo ndi wochokera ku Japan. Mlanduwo unatha mogwirizana mu 2015: ogula okhala ndi malisiti analoledwa kubwezeredwa mpaka madola 50, ndipo kampaniyo inavomera kulemba poyera kumene mowa wafululidwa.

Kuti tiyerekeze bwino, tiyambe tadziwa chimene mowa umenewu uli. Wambiri ndi lager wowala, wopepuka, wosawawa kwambiri, wa mphamvu ya 5 peresenti. Super Dry, amene anatuluka mu 1987, amapangidwa ndi chimera cha balere, hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo), mpunga, chimanga ndi sitachi, ndipo yisiti yake imadya pafupifupi shuga yense. Ukameza, m'kamwa simutsala kutsekemera. Kirin Ichiban wa mu 1990 anadzera njira ina. Pofulula, chimera chikaviikidwa m'madzi otentha chimatulutsa madzi otsekemera, angati thobwa losefedwa bwino. Mafakitale ambiri amathiranso madzi ena pamasese kuti akamule shuga wotsala, koma Ichiban amatenga madzi oyamba okhawo. N'chifukwa chake amamveka wofewa komanso wa chimera chochulukirapo.

Mowa wopepuka chotere ulibe pobisa vuto. Mowa wakuda wa fungo lamphamvu ungakalambe pang'ono osadziwika, koma lager wopyapyala akangoyamba kuguga, lilime limadziwa pomwepo.

Nanga kampani ikapereka chilolezo kwa fakitale ya kunja, chimapita n'chiyani? Kumapita yisiti ya kampaniyo, kaphikidwe kolembedwa, ndi miyezo yoti ikwanitsidwe: mtundu, kuwawa, mphamvu, kuchuluka kwa mpweya. Akatswiri ochokera ku Japan amayendera fakitale, ndipo zitsanzo zimatumizidwa kukalawidwa. Anthu ambiri amati kusiyana kuli m'madzi, poti madzi a ku Japan ndi ofewa, alibe mchere wambiri wa m'miyala. Zoona, koma fakitale yamakono imasefa madzi ake mpaka kuchotsa pafupifupi mchere wonse, kenako n'kuthira calcium wofunikira pamuyezo. Nkhani ya madzi imakomera otsatsa malonda kuposa mmene imamvekera m'tambula. Ngakhale chimera si chifukwa chachikulu, pakuti Japan yeniyeniyo imaitanitsa chimera chake chambiri kuchokera ku Canada, Australia ndi ku Ulaya, ndipo hops wambiri amachokera ku Germany ndi ku Czech Republic.

Kusiyana kwenikweni kumabisala m'zinthu zimene sizilembedwa pa lebo. Matanki akasiyana kutalika, yisiti imagwira ntchito mosiyana, ndipo kafungo ka zipatso kamakwera kapena kutsika. Fakitale ikathamangitsa mowa kuti thanki ipezeke msanga, yisiti simaliza kuyeretsa mankhwala otchedwa diacetyl, ndiye mowa umamveka kabatala. Madzi a chimera akapanda kuwira mokwanira, mumatsala fungo la chimanga chophika. Nthawi zina ngakhale mphamvu imasiyana: Super Dry wa ku Ulaya anagulitsidwa kwa zaka zingapo pa 5.2 peresenti pamene wa kwawo ali pa 5.

Palinso nkhani ya kutenthetsa. Ku Japan mowa wambiri wa m'zitini ndi m'mabotolo umalembedwa kuti nama, kusonyeza kuti sunatenthetsedwe. Amausefa ndi sefa yopyapyala kwambiri yochotsa yisiti ndi tizilombo. Otenthetsedwa alipo, monga Kirin Classic Lager ndi Sapporo Lager wa nyenyezi yofiira, koma ndi ochepa. Mafakitale ambiri a m'mayiko ena amadutsitsa mabotolo otseka kale m'makina owathira madzi otentha pafupifupi madigiri 60 kwa mphindi 15 kapena 20. Zikachitika mwaluso, kusiyana n'kochepa. Koma ngati m'botolo munalowa oxygen pothira, kutenthako kumafulumizitsa kuguga kuyambira tsiku loyamba.

Apa munthu angati, basi, wochokera ku Japan ndiye weniweni. Dikirani kaye, tione ulendo wake. Kontena yochoka ku Yokohama kapena ku Kobe imakhala panyanja milungu ingapo, kawirikawiri kupitirira mwezi ikamabwera ku Africa, ndipo imadutsa m'madera otentha kwambiri. Mowa wamba saukweza m'makontena oziziritsa chifukwa mtengo ungakwere. Ikafika padoko imadikira za kasitomu ili padzuwa, m'kati mukutentha kuposa madigiri 40. Kwa dziko lopanda doko, onjezerani msewu wochokera ku Durban, Beira kapena Dar es Salaam, kenako mosungira katundu, kenako shelefu. Ofulula ali ndi lamulo lachidule: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mowa umaguga mofulumira kawiri kapena kuposa. Ndiye kuti sabata imodzi pa madigiri 30 ikufanana ndi mwezi wathunthu pa madigiri 10.

Mowa wotero suwola ndipo sudwalitsa. Umangosukuluka. Kafungo ka hops ndi kamene kamayamba kuthawa, mtundu umaderako, kenako kumabwera kutsekemera kolemera ngati kwa uchi wakale ndi fungo la katoni yonyowa, lomwe limachokera ku mankhwala otchedwa trans-2-nonenal. Vuto lina ndi kuwala. Dzuwa kapena magetsi a m'firiji ya sitolo akamenya hops, mumatuluka fungo loipa la sulfure, ndipo m'botolo loyera kapena lobiriwira zimenezi zingachitike m'mphindi zochepa padzuwa. Botolo lofiirira limateteza kwambiri, chitini chimatsekeratu. Ngati mowa wayenda ulendo wautali, sankhani wa m'chitini.

Choncho Super Dry wa miyezi iwiri wofululidwa ku Italy angathe kufanana kwambiri ndi wa ku Tokyo kuposa wa ku Japan weniweni amene watha miyezi 8 m'njira. Wogula amalipira ndalama zambiri chifukwa cha mawu akuti Japan, koma chimene akumwa ndi ulendo wa kontena.

Pogula, yang'anani zinthu izi. Mawu oti "Product of Japan" kapena "Brewed in Japan" ndi amene amatsimikiza. Akuti "brewed under licence" kapena "under supervision" akusonyeza kuti wafululidwa kwina, ndipo dzina la tauni limakhala pafupi. Mawu oti "imported" paokha sanena kanthu: ku America, mowa wochokera ku Canada nawonso ndi wobwera. Barcode yoyamba ndi 45 kapena 49 imangosonyeza kuti kampani inalembetsa ku Japan, osati kumene mowa waphikidwa. Kukula kwake kumathandizanso: zitini za msika wa ku Japan ndi za 350 ml ndi 500 ml, mabotolo ndi a 334, 500 ndi 633 ml, pamene 330 ml ndi muyezo wa ku Ulaya ndipo 355 ml ndi wa ku America. Deti lothera ntchito lili kunsi kwa chitini, ndipo Ajapani amayamba ndi chaka kenako mwezi. Amapereka miyezi 9 mpaka 12. Ngati yatsala itatu yokha, mowawo wakhalitsa kale.

Chenjeraninso ndi zitini zotchipa zooneka ngati mowa wamba. Lamulo la msonkho ku Japan limagawa zakumwazi potengera kuchuluka kwa chimera. Mpaka 2018 chimera chinkayenera kufika 67 peresenti kuti chakumwa chitchedwe biiru, kutanthauza mowa weniweni. Tsopano ndi 50. Zotsika pamenepo ndi happoshu, ndipo pali zina zopangidwa ndi peas kapena soya. Zinabadwa pofuna kuzemba msonkho wokwera, osati pofuna kukoma, ndiye kuzigula pamtengo wa mowa wobwera n'kutaya ndalama.

Pamene kulipira zambiri kuli ndi phindu ndi pa mowa umene simungaupeze wofululidwa pafupi nanu. Yebisu wa chimera chokhachokha, amene dzina lake linayamba mu 1890, ndi mmodzi. Enanso ndi a mafakitale aang'ono amene anabadwa boma litatsitsa muyezo wa chilolezo mu 1994, kuchoka pa malita 2 miliyoni pachaka kufika pa 60,000: Hitachino Nest wa kadzidzi pa lebo, wa ku Ibaraki, kapena Coedo Beniaka wa ku Kawagoe, yemwe amathiramo mbatata. Beniaka ndi wamphamvu komanso wofiirira, choncho amapirira ulendo kuposa lager wopepuka.

Mukafuna kudziyesera nokha, musayike mabotolo awiri patsogolo panu, chifukwa maso amaweruza lilime lisanalawe. Ziziritsani onse awiri mofanana, pakati pa madigiri 6 ndi 8. Wozizira kuposa apo amabisa fungo. Tengani matambula atatu ofanana, otsukidwa bwino opanda mafuta kapena sopo wotsalira, popeza zimenezi zimapha thovu. Mnzanu athire mowa umodzi m'matambula awiri ndi winawo m'limodzi, inu musakuona, thovu likhale pafupifupi magawo atatu pa khumi monga amachitira ku Japan. Ntchito yanu ndi kupeza tambula yosiyana ndi zinzake. Munthu wongolota amalasa kamodzi pa katatu, choncho bwerezani kangapo, ndipo onetsetsani kuti madeti a mabotolo awiriwo ndi oyandikana. Akatalikirana, mukuyesa msinkhu wa mowa, osati fakitale.