Mmene nkhani ya nyengo inasandukira ya chipani ku America

Ku America masiku ano ukamufunsa munthu ngati dziko likutenthadi chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta, yankho lakelo limakuuziratu komwe amavotera. Akavomera, kawirikawiri ndi wa Democrat, akayamba zoti asayansi akungokokomeza nde dziwani kuti mwina ndi wa Republican. Koma kale sizinali choncho ayi.

Bungwe la boma loona zachilengedwe lija la EPA analikhazikitsa ndi pulezidenti Richard Nixon mu 1970, wa Republican weniweni. Mu 1969 mtsinje wa Cuyahoga ku Cleveland unayaka moto, eetu mtsinje kuyaka, chifukwa cha mafuta ndi zonyansa za m'mafakitale zomwe zimayandama pamadzi, ndipo chaka chomwecho mafuta anatayikira m'nyanja ku Santa Barbara mbalame n'kumafera pagombe zili bii. Zinthu zooneka ndi maso, zonunkha. Nde lamulo loteteza mpweya la 1970 litafika ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, linadutsa ndi mavoti 73, wotsutsa panalibe olo mmodzi. Ngakhale Ronald Reagan, pulezidenti winanso wa Republican, yemwe amalalikira kuti boma ndi lomwe limasokoneza zinthu komanso nthawi yake anachotsa masola omwe Jimmy Carter anaika padenga la White House, anavomera pangano la ku Montreal la 1987 loteteza ozoni, mpweya wa kumwamba womwe umatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa. George Bush wamkulu, wa Republican nayenso, mu 1990 anasaina lamulo lochepetsa utsi woyambitsa mvula ya asidi, ndipo njira yake inali ya msika: boma limaika malire a utsi, makampani n'kumagulitsana ziphaso zotulutsira utsiwo. Njira imeneyi muisunge, tikumana nayonso.

Nanga zinakhota pati? Poyamba vutolo ndi lomwe linasintha. Kuyeretsa mtsinje kapena kuika sefa pa chumuni ya fakitale ndi ndalama inde koma fakitale imapitiriza kugwira ntchito. Nkhani ya kutentha kwa dziko, yomwe wasayansi James Hansen wa ku bungwe la boma la zamlengalenga la NASA anakaifotokoza ku Senate mu June 1988, mankhwala ake ndi kuchepetsa malasha, mafuta ndi gasi kumene, ndipo zinthu zimenezi sizipezeka paliponse, zili m'zigawo zodziwika monga West Virginia, Wyoming, Kentucky, Texas ndi Oklahoma, komwe tauni yonse imadya za mgodi umodzi. Komabe mu 1997 chipani chinali chisanalowe kwenikweni, chifukwa masenata 95 a mbali zonse ziwiri anagwirizana zokana pangano lililonse losiya maiko ngati China ndi India opanda udindo, pangano la Kyoto lochepetsa utsi wotenthetsa dziko n'kufera pomwepo osafika n'komwe povoteredwa.

Kenako nkhaniyi inapeza mwini wake, Al Gore, wa Democrat yemwe anapikisana ndi George W. Bush pa upulezidenti mu 2000. Pa chisankho cha 2000 anthu amangokamba za Florida, komwe Gore analuza ndi mavoti ochepa kwambiri, koma ine ndimaona kuti West Virginia ndi yomwe ikufotokoza bwino. Chigawo cha anthu a m'migodi ya malasha, cha mabungwe a apantchito, chomwe chinavotera Democrat ngakhale mu 1980 ndi 1988 pomwe chipanicho chimagwa chagada m'zigawo zambiri, chinatembenukira kwa George W. Bush, ndipo mantha oti Gore atseka migodi anali chimodzi mwa zifukwa zake. Ku America chigawo chilichonse chili ndi mavoti ake osankhira pulezidenti, ndipo mavoti 5 okha a chigawochi akanakwana kumulowetsa Gore ku White House popanda Florida. Kuchokera pamenepo West Virginia sinavoterenso Democrat pa upulezidenti. Gore atapanga filimu yake ya 2006 yokamba za kutentha kwa dziko n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2007, kwa anthu ambiri a Republican kuvomereza za nyengo kunayamba kumveka ngati kumuombera m'manja mdani.

Olo zinali choncho, mu 2008 John McCain wa Republican amachita kampeni ya upulezidenti ali ndi pulani yake yoika malire a utsi wa kaboni, ndipo Newt Gingrich wa Republican ndi Nancy Pelosi wa Democrat anakhala pa sofa imodzi pa TV kupempha kuti dziko lichitepo kanthu. Patangotha zaka zitatu Gingrich anali akunena kuti kukhala pa sofa paja kunali kupusa.

Zomwe zinachitika pakatipo ndi zomwe zinamaliza zonse. Mu June 2009 bilu ya aphungu a Democrat Waxman ndi Markey yochepetsa utsi wa kaboni, yotengera njira ya msika ija ya Bush wamkulu, inadutsa m'nyumba ya aphungu movutikira, 219 kwa 212, a Republican oivotera anali 8 basi. Chuma chinali chitagwa, anthu ntchito zikutha, otsutsa anangoitcha msonkho wa magetsi ndipo dzinalo linakakamira. Ku Senate inafa. Mu January 2010 khothi lalikulu pa mlandu wa Citizens United linatsegula chitseko choti makampani ndi magulu azithira ndalama zopanda malire pa zisankho, pomwe gulu la Americans for Prosperity, lothandizidwa ndi abale a Koch a bizinesi ya mafuta, limasainitsa andale lonjezo loti sadzavotera msonkho wa zanyengo.

Chikwapu chenicheni chinali mapulaimale. Taonani Bob Inglis wa ku South Carolina, phungu wa Republican wokhwima ndithu, amene bilu ija sanaivotere n'komwe, koma amanena poyera kuti asayansi akunena zoona ndipo amafuna msonkho wa kaboni. Mu 2010 anamugwetsa a chipani chake omwe, 71 kwa 29 pa 100 alionse. Panali zifukwa zinanso, monga voti yake yopulumutsa mabanki, koma anzake phunziro anatolapo limodzi: ukatchula nyengo mpando wapita, ndipo okuchotsa si adani koma akwanu. Chaka chomwecho Joe Manchin, wa Democrat koma wa ku West Virginia, anajambulitsa uthenga wa kampeni yake ya usenata atanyamula mfuti, n'kuiombera bilu ija itapachikidwa. Anawina.

Kuyambira apo maganizo a zanyengo anangokhala ngati makaka a chipani, umavala kuti akudziwe kuti ndiwe wa mbali iti, owerenga malipoti a sayansi ndi ochepa mbali zonse ziwiri. Obama analowa m'pangano la zanyengo la Paris la 2015, Trump analengeza zotuluka mu 2017, Biden anabwereramo mu 2021, Trump n'kusainanso zotuluka mu January 2025. Lamulo lalikulu la Biden la 2022 lothira ndalama ku magetsi a dzuwa ndi mphepo silinapeze voti ya Republican olo imodzi. Ku Australia nakonso, dziko la malasha, msonkho wa kaboni wa nduna yaikulu Julia Gillard unayamba mu 2012, Tony Abbott n'kuwina chisankho polonjeza kuuthetsa, mu 2014 unatha.

Chodabwitsa n'choti chigawo chomwe chimapanga magetsi a mphepo ochuluka kuposa zonse ku America ndi Texas, ndipo lamulo lomwe linathandiza kuyambitsa zimenezi anasaina ndi George W. Bush mu 1999 ali gavanala. Iowa, yomwe yavotera Trump katatu, magetsi ake oposa theka ndi a mphepo, ndipo chithandizo cha msonkho cha makampani a mphepo anachiyambitsa mu 1992 ndi senata wakonko Chuck Grassley, wa Republican. Kumeneko makina a mphepo sawagulitsa ndi nkhani ya kutentha kwa dziko, amangomuuza mlimi ndalama ya lendi yomwe azilandira chaka chilichonse akaimika chimodzi m'munda mwake.