Mouton Rothschild ndi mndandanda wa 1855

Mu 1855 mumzinda wa Paris munachitika chionetsero chachikulu cha zamalonda, ndipo Mfumu Napoleon III inafuna kuti vinyo wa ku Bordeaux, dera la minda ya mpesa ku France, akaonetsedwe atasanjidwa malinga ndi ubwino wake. Ntchitoyo inapatsidwa kwa amalonda amene ankalumikiza eni minda ndi ogula. Iwo anatsata mitengo imene vinyo wa munda uliwonse ankagulitsidwira kwa zaka zambiri, n'kugawa minda ya vinyo wofiira m'magulu asanu. M'gulu loyamba munalowa minda inayi yokha: Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion. Munda wa Mouton unaikidwa patsogolo pa gulu lachiwiri, ndipo unakhala pamenepo zaka 118.

Mundawu uli ku Pauillac, m'dera la Médoc, pafupi ndi mtsinje wa Gironde, ndipo unachita malire ndi Lafite. Nathaniel de Rothschild anaugula mu 1853 ukutchedwa Brane-Mouton. Dothi lake ndi lansangalabwi, loti mlimi wa chimanga sangaliyang'ane kawiri. Koma miyalayo imasunga kutentha kwa dzuwa mpaka usiku, madzi a mvula sadikha, ndipo mizu ya mpesa imakakamizika kulowa pansi kwambiri. Mphesa za mtundu wa Cabernet Sauvignon zimakonda malo otere, n'chifukwa chake zinatenga gawo lalikulu la mahekitala pafupifupi 90 a mundawu. Kotsalako kuli mphesa za mitundu ya Merlot, Cabernet Franc ndi Petit Verdot pang'ono.

Amene anakana kugonjera mndandandawo ndi Philippe de Rothschild, yemwe anayamba kuyang'anira mundawu mu 1922 ali ndi zaka 20 zokha. Masiku amenewo vinyo ankachoka pamunda ali m'migolo, amalonda a mumzinda wa Bordeaux n'kumakathira okha m'mabotolo. Mwini munda sankadziwa zimene zachitika ndi thukuta lake mgolo ukatuluka pachipata. Mu 1924 Philippe analamula kuti vinyo yense azithiridwa m'mabotolo pamunda pomwepo. Kwa ine, ichi ndicho chachikulu pa zonse zimene anachita, kuposa ngakhale kukwezedwa gulu, chifukwa dzina la pabotolo linayamba kukhala lonjezo la mwini munda kwa wogula.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamupweteka kwambiri. Asilikali a Germany analanda mundawu, ndipo mkazi wake Élisabeth anafera kundende ya Ravensbrück mu 1945. Philippe atabwerera kumundako nkhondo itatha, pabotolo la chaka chimenecho panalembedwa chilembo cha V, chizindikiro cha kupambana. Kuyambira pamenepo, pafupifupi chaka chilichonse katswiri wojambula amakongoletsa chikalata cha pabotolo: Dalí mu 1958, Chagall mu 1970, Warhol mu 1975. Malipiro awo ndi makatoni a vinyo.

Pa nkhani ya gulu, mfundo ya Philippe inali yomveka. Ngati mndandanda unapangidwa potsata mitengo, ndipo vinyo wa Mouton akugulitsidwa mofanana ndi wa gulu loyamba, akutsaliranji m'gulu lachiwiri? Ena mwa amene ankamutsekereza anali abale ake enieni a ku Lafite, munda umene James de Rothschild anagula mu 1868. Anapirira nazo zaka zambiri mpaka mu 1973, pamene Jacques Chirac, ali nduna ya zaulimi, anasaina chikalata chokweza Mouton kulowa m'gulu loyamba. Kufikira lero palibe munda wina pamndandanda wa 1855 umene unakwezedwapo gulu. Philippe anamwalira mu 1988, ndipo mwana wake wamkazi Philippine anayendetsa mundawu mpaka imfa yake mu 2014.