Mafunso ndi mayankho: malamulo a anthu osanduka zilombo mu Dungeons & Dragons

Chilengezereni kuti anthu osanduka mimbulu alowa m'nkhani ya masewero athuwa, momwe wosewera aliyense amayendetsa munthu wake wopeka, madandaulo sakutha. Nazi zomwe ife otsogolera masewero tagwirizana.

Zilombozi n'ziti?
Monster Manual ya 2014, buku la zilombo za m'masewerowa, ili ndi zisanu: mmbulu, khoswe, nguluwe, chimbalangondo ndi kambuku. Chilichonse chimatha kuoneka ngati munthu, ngati nyama, kapena theka munthu theka nyama.

Ndikalumidwa chimachitika n'chiyani?
Mumaponya dayisi ya d20 (ya mbali 20) n'kuonjezerapo bonasi yanu ya Constitution (kupirira kwa thupi). Akakulumani mmbulu pamafunika 12, khoswe 11, chimbalangondo 14. Mukapanda kufikapo, temberero losanduka chilombo lakugwirani.

Ndiye kuti lupanga silindilasanso, si choncho?
Apa ndi pamene pagona mkangano. Zoonadi, bukulo limati mmbulu sulasika ndi chida chilichonse chopanda matsenga kapena siliva, ndipo wosewera amene watembereredwa amalandiranso chitetezo chomwecho, Strength (mphamvu) yake n'kukwera kufika 15 ngati inali yochepera apo. Sitikukana. Koma taganizani munthu wa levulo 2 ataima pakhomo la phanga, ma goblin (tiadani ting'onoting'ono) akumubaya mivi mpaka itatha, iye osataya hit point (pointi ya moyo) ngakhale imodzi, anzake akungokhala ngati oonerera. Masewero atha pamenepo. Ena mwayamba kale kufunsa ngati mungalumitse dala anthu anu, zomwe zikutiuza kuti temberero lasanduka mphatso.

Choncho pakadali pano chida wamba chizivulaza theka, ndipo izi ndi pokhapokha mwasanduka. Mukakhala munthu, mukulasika ngati wina aliyense. Tikuti pakadali pano chifukwa tikhoza kuunikanso tikaona mmene nkhondo zikuyendera, koma sitikulonjeza kanthu.

Kodi mwangozipeka nokha zimenezi?
Ayi. Ngakhale Monster Manual ya 2025 idachotsa chitetezo cha zida wambachi. Ife tasiyako theka.

N'zoona kuti DM (wotsogolera masewero) angandilande munthu wanga?
Inde, zingatheke. Usiku wa mwezi wathunthu, amene akulimbana ndi temberero amasanduka asakufuna, ndipo zochita zake amayendetsa ndi DM mpaka kutacha. Tikudziwa kuti n'zowawa kudzuka n'kumva kuti munthu wanu wapha hatchi ya gulu. Sitidzagwiritsa ntchito mpatawu kupha munthu wa wosewera mnzanu.

Tidalipira kale zokutira zida zathu ndi siliva. Mutibwezera?
Ayi. Mtengo ndi womwe uli mu Player's Handbook (buku la osewera) ya 2014: ndalama zagolide 100 pa chida chimodzi kapena pa mivi khumi. Siliva akugwirabe ntchito, chifukwa ndiye amavulaza mokwanira, osati theka.

Temberero limachoka?
Kwa wolumidwa, matsenga a Remove Curse amalichotsa. Wobadwa nalo amafunika matsenga apamwamba a Wish, ndipo palibe wa inu amene wayandikira levulo imeneyo.