Khansa ya chithokomiro ya ana a ku Chernobyl: mkangano ndi zimene majini a m'thupi (genes) anaulula

Malo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl ku Ukraine ataphulika pa 26 Epulo 1986, mphepo inamwaza ayodini wapoizoni, I-131, pamsipu wa ku Ukraine, Belarus ndi kumadzulo kwa Russia. Ng'ombe zinadya udzuwo, ana n'kumwa mkaka. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, sichisankha, chimakoka ayodini aliyense wolowa m'thupi, ndipo cha mwana n'chaching'ono, choncho poizoniyo anaunjikana pamalo ochepa. Dziko la Poland linamwetsa ana mamiliyoni ambiri ayodini woteteza m'masiku ochepa chabe. M'midzi yambiri ya ku Gomel ku Belarus, anthu anapitiriza kumwa mkaka wa ng'ombe zawo osadziwa kanthu.

Mu 1992 madokotala a ku Minsk, likulu la Belarus, kuphatikizapo Evgeny Demidchik, analemba m'magazini ya Nature kuti khansa ya chithokomiro yachuluka mwa ana. Akatswiri ambiri akunja sanakhulupirire. Ankati nthendayi singatuluke msanga chonchi, ndipo wofufuza kwambiri amapeza zambiri. Mfundo yachiwiriyi si yopusa, koma zotupa za anawo zinali zolusa, zina zitafalikira kale m'khosi ndi m'mapapo. Pofika 2005 odwala anali atapitirira 6,000, ngakhale omwalira anali 15 okha, poti khansayi imachizika.

Apa m'pamene nkhani inalowa m'majini, tizigawo ta DNA timene timasunga malangizo a mmene maselo a thupi amagwirira ntchito. M'zotupa zoyambirirazo, ofufuza ankapeza jini ya RET itaduka n'kulumikizana ndi jini ina, chimene anachitcha RET/PTC3. Ena anathamangira kunena kuti chidindo cha radiation, mphamvu yoopsa yotuluka mu ayodini wapoizoni uja, chapezeka. Kenako zinadziwika kuti ana odwala khansayi amene sanakhudzidwepo ndi ngoziyo amakhalanso ndi kusintha kotereku, ndiye mwina ndi msinkhu chabe.

Mu 1998 anakhazikitsa Chernobyl Tissue Bank yosungira zidutswa za zotupazo, ndipo phindu lake linaoneka mu 2021. Gulu la Lindsay Morton wa ku National Cancer Institute ku America linaunika zotupa za anthu 440 a ku Ukraine: 359 okhudzidwa ali ana kapena ali m'mimba, 81 obadwa poizoniyo atatha. Anapeza kuti radiation ikachuluka, DNA imaduka nthambo zonse ziwiri, ndipo selo poyesa kulumikiza mwachangu limaphatikiza majini osayenera, ngati wosoka wolumikiza mkono wa malaya ku mwendo wa buluku. Zimenezi zinali zambiri mwa amene anakhudzidwa ali aang'ono kwambiri. Amene analandira radiation yochepa ankakhala kawirikawiri ndi kusintha kwa chilembo chimodzi cha DNA mu jini ya BRAF.

Komabe chidindo chija sichinapezeke. Mpaka lero dokotala sangatenge chotupa cha munthu mmodzi n'kunena motsimikiza kuti ichi chinabwera ndi Chernobyl. Akatswiri a UNSCEAR, komiti ya United Nations yofufuza za radiation, akuyerekeza kuti mwa odwala pafupifupi 20,000 a pakati pa 1991 ndi 2015, amene anali ana pa nthawi ya ngoziyo, mmodzi mwa anayi alionse anadwala chifukwa cha ngoziyo.