Lekani kutokosa injekita ndi waya, vuto layambira m'chigubu

Sabata siitha osabwera munthu kugalaja kwanga atanyamula ma injekita (tizitsulo topopera mafuta mkati mwa injini) okulunga m'sanza, ndipo mawu ake amakhala omwewomwewo: "Amisiri, mungonditsukirako izi msanga, boti lilowa m'madzi usiku uno." Ndikamufunsa kumene amagula dizilo, tsiku limene anasintha fyuluta komaliza, ndiponso ngati anatsegulapo thanki n'kuona zimene zadikha pansi pake, nkhope imagwa ngati ndikumuchedwetsa dala. Ndatopa kuyankha munthu mmodzimmodzi, choncho ndalemba pano kuti eni maboti a m'mbali mwa nyanja yathu, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga, amvere limodzi. Injekita siyamba yokha kuvuta. Imaphedwa ndi zimene mwathira m'thanki, ndipo mukaitsuka koma thanki n'kuisiya momwemo, mudzabweranso ndi sanza yomweyo mwezi usanathe.

Injini zambiri zimene zimakankha maboti a matabwa opita kukaponya chilimira, monga Yamaha Enduro ya 15, ya 25 ndi ya 40, zilibe injekita, zimagwiritsa ntchito kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Ngati wina anakulipiritsani ndalama zotsukira injekita pa injini yotere, anakuberani masanasana. Ma injekita amapezeka mu injini za dizilo za maboti akuluakulu okoka makoka ndi onyamula anthu, komanso mu injini zatsopano za petulo zimene timaziona kwambiri pa maboti onyamula alendo ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay. Komabe zonse zimene ndinene zokhudza madzi ndi litsiro m'mafuta zikukhudzanso inu a kabureta, chifukwa timabowo take timatsekeka ndi zinthu zomwezo.

Chimene anthu ambiri sachimvetsa ndi kuchepa kwa mipata imene ili mkati mwa injekita ya dizilo. Kunsonga kwake kuli nozo, ndipo mkati mwa nozoyo mumayenda kasingano kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya mafuta. Mpata wa pakati pa kasinganoko ndi khoma la nozo ndi wa ma micron awiri kapena atatu okha, pomwe tsitsi la munthu limanenepa ma micron pafupifupi 70, ndipo micron imodzi ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1000. Pa injini zakale, kasinganoko kamatseguka mafuta akafika mphamvu ya pafupifupi ma bar 200, pomwe tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono. Pa injini zamakono za common rail, zimene ma injekita ake onse amalandira dizilo kuchokera m'payipi imodzi, mphamvuyo imapitirira ma bar 1500. Mphamvu yonseyi cholinga chake n'chakuti dizilo atuluke ngati nkhungu, chifukwa dizilo amene walowa mu silinda ali madontho sapsa bwino. Tsopano taganizani munthu amene watenga waya wa buleki ya njinga kapena singano yosokera n'kumatokosa timabowo timene tinaboolidwa mosamala chonchi. Bowo likangokula pang'ono kapena kupotoka, injekitayo siipoperanso nkhungu, imalavula ndi kudontha, ndipo palibe mmisiri amene angalibwezere mwakale. Choopsa n'chakuti injini imalira ndithu akamaliza kutokosako, mwini boti n'kupereka ndalama akuthokoza, osadziwa kuti imfa ya pisitoni yayambira pamenepo.

Mdani wamkulu wa injekita pa nyanja ndi madzi, ndipo amalowa m'njira zimene simuziwerengera. Thanki imene yagona ili theka imakhala ndi mpweya wonyowa, ndipo kukazizira m'bandakucha mame amatsetsereka m'makoma ake n'kukadikha pansi. Zigubu zimakhala m'boti mafunde akukhavukira, zina zotsekedwa ndi kapepala ka pulasitiki m'malo mwa chitsekero, ndipo fanelo imagona pamchenga. Mu dizilo, madziwo amachotsa kuterera kumene pampu yokankha dizilo ndi kasingano kaja zimadalira, chifukwa mkati mwa nozo mulibe oyilo wina, dizilo yemweyo ndiye amateteza zitsulo kuti zisadyane. Dzimbiri limayamba, ndipo pamene madzi akumana ndi dizilo pamaswana tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapanga matope akuda oterera. Matope amenewa amakhala phee pansi pa thanki nyanja ikakhala bata, koma mafunde akayamba kugwedeza boti amavunduka n'kutseka fyuluta. Ichi n'chifukwa chake injini zambiri zimazima nthawi ya mwera, pamene mukuzifuna koposa, osati pa doko.

A petulo muli ndi nkhani yanuyanu. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo amapangidwanso ku Chikwawa. Ethanol amakoka madzi. Madzi akachuluka, ethanol ndi madziwo zimapatukana ndi petulo n'kutsikira pansi, pomwe payipi yoyamwa mafuta imatungira, ndiye injini imayamba kumwa zamadzimadzizo. Petulo amene wakhala m'chigubu miyezi ingapo amaumanso n'kusiya utomoni umene umamatirira mu kabureta ndi mu ma injekita. Nthawi imene mafuta akusowa m'mafilingi siteshoni, ndikudziwa kuti mumagula kwa ogulitsa m'zigubu chifukwa boti silingagone, ndipo sindikukudzudzulani. Koma dziwani kuti ena mwa iwo amathira parafini mu dizilo kuti achuluke, ndipo parafini saterera ngati dizilo, motero pampu ndi manozo zimadyeka mwakachetechete.

Pali nkhani imodzi imene sindinaiiwale, ndipo ndimaikumbukira nthawi iliyonse mwera ukayamba. Bambo wina wachikulire, mwini boti la dizilo limene linkadyetsa mabanja a alovi angapo, anabwera akudandaula kuti injini ikuvuta kulira m'mawa ndipo ikufuka utsi wakuda. Nditayesa ma injekita ndinapeza kuti awiri akudontha, ndipo nditatsegula fyuluta ndinapeza matope akuda ndi madzi. Ndinawauza kuti manozo awiriwo ndi oyenera kusintha, thanki itsitsidwe itsukidwe, ndipo boti ligone masiku atatu. Iwo anati nsomba zikugwidwa kwambiri sabata imeneyo, ndipo masiku atatu ndi ndalama zambiri kuposa mtengo wa manozo. Anandipempha kuti ndingosintha fyuluta, zinazo adzabwera nazo mwezi ukatha. Ndinavomera, ndipo kuvomerako ndi kumene kumandipweteka mpaka lero, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe chimene injekita yodontha imachita.

Utsi utapitirira, anapita kwa munthu wina wa pa doko amene amadzitcha mmisiri, amene anamasula ma injekita onse, n'kuwatokosa ndi waya, n'kuwabwezera ndi mawashala akale omwewo. Injini inalira, ndipo boti linagwira ntchito masabata angapo. Usiku wina wa mwezi wa Julayi, ali kutali ndi gombe ndipo mwera utalimba, injini inayamba kugogoda kenako inazima. Boti lopanda injini silingalozetse mutu wake ku mafunde, limatembenuka n'kumamenyedwa cham'mbali. Alovi anachezera kukapa madzi usiku wonse mpaka boti lina linawapeza kutacha n'kuwakoka. Palibe amene anamira, ndipo timathokoza Mulungu pa chimenecho. Nditatsegula injiniyo ndinapeza pisitoni imodzi itabooka pamwamba, chifukwa dizilo wodontha ankapsera pamalo amodzi mpaka chitsulo chinasungunuka. Oyilo wa mu sampu, mosungira oyilo kunsi kwa injini, anali atasanduka wamadzimadzi chifukwa cha dizilo amene ankatsikiramo, ndipo mabering'i anali atatha. Kuti akonze injiniyo, bambo aja anagulitsa ukonde, boti linakhala pamtunda nyengo yonse, ndipo mnyamata mmodzi mwa alovi aja anakana kulowanso m'nyanja. Kuchokera tsiku limenelo, ndikapeza injekita yodontha sindiibwezeranso pa injini, ngakhale mwini wake akwiye n'kupita kwina.

Injini imachenjeza isanafe, koma eni ake amazolowera machenjezowo. Ikayamba kuvuta kulira m'mawa, kunjenjemera ikamalira pang'onopang'ono, kugogoda, kuchepa mphamvu boti litasenza katundu amene linkasenza kale, kapena kumwa mafuta ambiri pa ulendo womwewo, musadikire kutha kwa mwezi. Utsi wakuda umasonyeza kuti dizilo sakupsa yense, utsi woyera umene sukutha injini itatentha umasonyeza dizilo wosapsa kapena madzi, pomwe wabuluu ndi wa oyilo ndipo vuto lake lili kwina. Chizindikiro chimene ndimachiopa kwambiri ndi cha pa kachitsulo koyezera oyilo: mukaona kuti oyilo akukwera inu musanathire wina, ndiponso akununkha dizilo, boti limenelo lisalowe m'madzi.

Ntchito yeniyeni ya pa injekita siichitikira pamchenga. Mmisiri woona amakhala ndi makina oyesera, amene amapopa ndi dzanja uku akuyang'ana geji, ndipo amaona zinthu zitatu: mphamvu imene injekita ikutsegukira poyerekeza ndi imene buku la injiniyo lanena, maonekedwe a nkhungu imene ikutuluka, ndiponso ngati nsonga ikunyowa mphamvu isanafike potsegukira. Mwaye wa kunsonga amauchotsa ndi burashi yofewa ya mkuwa, zamkati amazitsuka m'dizilo woyera, ndipo satenga kasingano ka nozo ina n'kukaika mu inzake chifukwa kasingano kalikonse kanapangidwa kuti kakhale ndi nozo yakeyake. Nozo yotha imasinthidwa, siikonzedwa, ndipo kawashala ka kopa kamaikidwa katsopano nthawi iliyonse. Pemphani kuti muone ndi maso anu injekita yanu ikuyesedwa. Amene akukana, kapena amene akuti amaidziwa poimvetsera ndi khutu basi, musamusiyire katundu wanu. Ma injekita a common rail ndi a injini zatsopano za petulo amafuna makina ena apadera, ndipo ndi bwino kuwatumiza ku Lilongwe kapena ku Blantyre kusiyana ndi kuwapereka kwa woyeserera. Mankhwala a m'mabotolo othira m'thanki angathandize kusungunula utomoni wochepa, koma sachotsa madzi amene adikha pansi, ndipo sabwezeretsa chitsulo chimene chadyeka.

Ndiwachenjezenso anyamata ophunzira ntchito, amene amakonda kuika chala kutsogolo kwa nozo kuti amve ngati ikupopera. Dizilo wa mphamvu imeneyi amaboola khungu n'kulowa m'mnofu. Chilonda chake chimaoneka ngati kobaya ka munga, koma mkati mnofu umayamba kufa, ndipo anthu amadulidwa zala chifukwa chochedwa. Zikachitika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukauze dokotala momveka kuti m'chalamo mwalowa dizilo wa mphamvu.

Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi yanu eni maboti, ndipo siifuna mmisiri. Musanathire mafuta a m'chigubu, tsanulirani pang'ono m'botolo loyera lagalasi, lisiyeni kwa mphindi zingapo, ndipo mukaona mzere wa madzi pansi kapena mafuta a mbuu, musawathire. Mafuta a mu mgolo muziwasiya adikhe usiku wonse, muzitunga cham'mwamba, ndipo otsalira pansi musawakhuthulire m'thanki. Ikani fyuluta yolekanitsa madzi, ya ma micron 10, pakati pa thanki ndi injini, ndipo muzikhetsa kambale kake m'mawa uliwonse musananyamuke. Mukabwerako kunyanja dzazani thanki ya dizilo m'malo moisiya theka, ndipo kamodzi pa chaka itsitseni itsukidwe. Inu a injini zosakaniza petulo ndi oyilo, gwiritsani ntchito oyilo wa injini za pamadzi wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto, ndipo ngati buku lanu likunena 50:1, ndiye kuti mamililita 500 a oyilo pa malita 25 a petulo, oyezedwa ndi chikho osati ndi maso.

Chomaliza ndi chimene chimachitika fyuluta ikatsekeka muli pakati pa nyanja. Ndalandira maboti ambiri amene alovi anachotsa fyuluta n'kulumikiza payipi mwachindunji kuti afike kumtunda, ndipo atafika anaiwala kuibwezera mpaka sabata inatha. Litsiro lonse limene fyuluta ija inkagwira linapita mu pampu ndi m'manozo. M'boti muzikhala fyuluta yatsopano imodzi yokulunga m'pulasitiki pamodzi ndi sipanala zake, ndipo pakati pa alovi anu pakhale awiri amene aphunzitsidwa kuisintha ndi kutulutsa mpweya m'mapayipi ngakhale mumdima. Abwere nawo kugalaja tsiku limene boti lili pamtunda, ntchito imeneyi ndimaphunzitsa kwa ola limodzi.