Lamulo la 500 pojambula nyenyezi: mafunso ndi mayankho

Kodi lamuloli limati chiyani?

Limakuuzani nthawi imene shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) ingakhale yotsekula nyenyezi zisanayambe kutuluka ngati timizere pachithunzi. Tengani 500, mugawe ndi kutalika kwa lenzi yanu m'mamilimita (nambala ya mm yolembedwa pa lenziyo), yankho lake ndiwo masekondi anu. Lenzi ya 20mm ikupatsani masekondi 25, ya 50mm masekondi 10, pomwe ya 200mm ndi masekondi awiri ndi theka basi.

Timizereto timachokera kuti, poti kamera ili phee pa tripod, choimikapo chake cha miyendo itatu?

Kamera ili phee, inde, koma pamene mwaiimikapo ndi pomwe pakuyenda. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 23 ndi mphindi 56, choncho thambo limaoneka ngati likusendera kumadzulo pafupifupi madigiri 15 pa ola. Maso sazindikira zimenezi, koma kamera imasonkhanitsa kuwala nthawi yonse imene shutter ili yotsekula, ndipo paliponse pomwe nyenyezi yadutsa pamatsala chizindikiro. Lenzi yaitali imakulitsa kachigawo kakang'ono ka thambo, n'kukulitsanso kusendera komweko. N'chifukwa chake masekondi amachepa mamilimita akamachuluka.

Komanso nyenyezi sizithamanga mofanana pachithunzi, ndipo lamuloli silisamala za zimenezo. Akamwiniatsatana, zija nyenyezi zitatu zondondozana za m'gulu la Orion, zili pa lamba wapakati pa thambo pomwe liwiro ndi lalikulu kwambiri. Polaris, imene ili kufupi ndi nsonga yakumpoto ya thambo, imangokhala ngati yaima.

Kamera yanga ili ndi sensa yaing'ono. Ndiwerenge chimodzimodzi?

Ayi. Nambala ya 500 ndi ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yaikulu ngati filimu ya 35mm. Pa sensa yocheperapo yotchedwa APS-C, yambani mwachulukitsa mamilimita ndi 1.5, kapena 1.6 ngati kamerayo ndi ya Canon. Pa sensa yocheperaponso yotchedwa Micro Four Thirds chulukitsani ndi 2. Ndiye lenzi ya 18mm pa APS-C ili ngati 27mm, ndipo 500 kugawa ndi 27 ndi masekondi 18. Apa ndi pamene ongoyamba ambiri amaphonya.

Ndawerenga bwinobwino, koma timizere tilipobe. Ndalakwa pati?

Mwina simunalakwe paliponse. Lamuloli linabadwa nthawi ya filimu, pamene kusendera pang'ono kunkabisika. Sensa zamasiku ano zili ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) ang'onoang'ono mamiliyoni ambiri, ndipo sizibisa kanthu. Ojambula ambiri anatsikira pa 400 kapena 300 m'malo mwa 500. Palinso lamulo lina lotchedwa NPF, lomwe limawerengera kukula kwa pikiselo ndi kutseguka kwa lenzi, ndipo kawirikawiri limapereka masekondi ochepa kuposa a 500.

Ine ndimati musavutike ndi masamu mumdima. Yambani ndi 300 kugawa ndi mamilimita a lenzi, jambulani, kulitsani chithunzicho pa sikirini mpaka nyenyezi imodzi ioneke bwino. Ikakhala yozungulira ngati kadontho, onjezerani masekondi awiri. Ikakhala yosongoka ngati njere ya mpunga, chepetsani. Koma onetsetsani kaye kuti vuto si dzanja lanu: ikani kamera kuti idikire masekondi awiri mukadina batani.

Masekondi ochepa chonchi, chithunzi sichida?

Chida mukapanda kusintha zina. Tsekulani lenzi mpaka f/2.8 ngati imafika (nambala ya f ikachepa, kuwala kumalowa kwambiri), kwezani ISO (muyeso wa momwe kamera ikuwalitsira chithunzi) pakati pa 1600 ndi 3200, ndipo fokasi muikonze pamanja poloza nyenyezi yowala. Mukafuna Mlalang'amba, sankhani usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi. Ena amajambula zithunzi zambiri zofanana n'kuziphatikiza pa kompyuta, ena amagula kamakina kozungulira pang'onopang'ono motsatira thambo. Ndi kamakinako, lamulo la 500 latha ntchito.

Nanga mwezi?

Lisiyeni. Mwezi ukuwalitsidwa ndi dzuwa, ndipo masekondi 10 angokupatsani chibulunga choyera. Ukakhala wathunthu yesani f/11, ISO 100 ndi 1/100 ya sekondi.

Masana ndimajambula mbalame kuseri kwa nyumba ndi lenzi ya 300mm. Lamuloli lingandithandize?

Limeneli ayi, koma lili ndi mnzake. Mukagwira kamera pamanja, liwiro la shutter lisatsike kuposa 1 kugawa ndi mamilimita a lenzi, ndiye kuti 1/300 ya sekondi pa lenzi yanuyo, kapena 1/500 ngati sensa ndi ya APS-C. Izi zimangothetsa kunjenjemera kwa manja. Mbalame yotera phee panthambi ituluka bwino, koma ikangotambasula mapiko mufunika 1/1000 mpaka 1/2000, ndipo tating'onoting'ono tokupiza mofulumira tija nthawi zina timafuna kuposa pamenepo.