Kumeta ndi kudulira ndevu za pamlomo pakhomo popanda kuvulaza khungu

Ndevu za pamlomo wapamwamba zimamera pamalo ovuta kusamala. Pamwamba pake pali mphuno, pansi pake pali pakamwa, ndiye pamakhala ponyowa nthawi zambiri ndi mpweya wofunda, mamina, malovu ndi zotsalira za chakudya. Khungu la pamenepa lili ndi timitsempha tambiri, n'chifukwa chake mukadzicheka pang'ono chabe magazi amachedwa kusiya kusiyana ndi patsaya. Uthengawu ndi wa aliyense amene amadzimeta yekha, kaya amachotsa zonse kapena amangodulira kuti zikhale mwadongosolo. Mavuto ambiri obwera ndi kumeta ndi opeweka, ndipo gwero lake limakhala zinthu ziwiri: kufunitsitsa kuti pasalale kwambiri, ndi kubwerekana lezala.

Ziphuphu zotuluka mukameta si za mtundu umodzi

Anthu ambiri akaona ziphuphu atameta amati lezala linali lakuda. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri vuto limakhala tsitsi lenilenilo. Tsitsi lopotana limachokera m'kabowo kopindika, ndipo likamatuluka limakhota. Lezala likalidula, nsonga yake imasongoka ngati munga. Pokula limapinda n'kubaya khungu chapafupi pomwepo, kapena, ngati linadulidwa mozama, limabaya m'mbali mwa kabowo kake lisanatuluke n'komwe. Thupi limalimbana ndi tsitsi lotere ngati chinthu chachilendo, ndiye pamatupa, pamayabwa, pamapweteka. Madokotala amatcha vutoli pseudofolliculitis barbae. Limagwira kwambiri amuna a tsitsi lopotana, makamaka akhungu lakuda. Silipatsirana, ndipo si chizindikiro cha uve.

Vutoli limakonda khosi, pansi pa chibwano ndi masaya, koma pamlomo wapamwamba silifikapo kawirikawiri. Choncho mukaona tiziphuphu ta mafinya pansi pa mphuno, kalikonse kali ndi tsitsi pakati, ganizirani za mabakiteriya. Amene amayambitsa zimenezi kwambiri ndi Staphylococcus aureus, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amakhala nawo m'mphuno osadwala. Lezala likakanda khungu, mabakiteriyawa amangotsika kuchokera m'mphuno n'kulowa m'timabowo ta tsitsi. Mukapitiriza kumeta pamwamba pa ziphuphuzo mumawasamutsira kumasaya ndi kuchibwano. Siyani kaye kumeta, muzisamba pamalopo ndi sopo kawiri patsiku, thaulo lanu likhale lanu nokha. Pakapita masiku ochepa osasintha, kapena zikamafalikira, pitani kuchipatala, chifukwa mwina pafunika mankhwala opha mabakiteriya, opaka kapena akumwa.

Pali chinthu chimodzi chimene tikukupemphani ndi mtima wonse: musafinye chiphuphu kapena chithupsa cha pamlomo wapamwamba kapena cha m'mbali mwa mphuno. Mitsempha ya magazi ya pamenepa imalumikizana ndi ina ya mkati mwa chigaza, kuseri kwa maso. Sizichitikachitika, koma matenda atha kudutsa njira imeneyi n'kukaundanitsa magazi kumeneko, ndipo zikatero moyo umakhala pachiswe. Chithupsa cha pamenepa chikabwera ndi kutentha thupi, mutu wopweteka kwambiri, kutupa kwa chikope kapena kusaona bwino, musadikire kuti kuche.

Chipere nachonso chimagwira m'ndevu. Chimayamba ndi mafangasi, ndipo ambiri amachitenga kwa ng'ombe, agalu ndi amphaka, ena pa zometera zimene zagwiritsidwa ntchito pa munthu wodwala. Chimaoneka ngati chigamba chotupa, nthawi zina chonyowa ndi chankhanambo, ndipo tsitsi la pamenepo limazuka mosavuta. Mafangasiwo amakhala mozama kumizu ya tsitsi, kotero mankhwala opaka okha sakwanira. Pamafunika akumwa, monga terbinafine kapena griseofulvin, kwa milungu ingapo, ndipo wolemba akhale dokotala. Timatuza ta madzi totuluka m'mphepete mwa mlomo, timene timayamba ndi kunyerenyesa kapena kuwotcha, nthawi zambiri ndi kachilombo ka herpes simplex. Lezala likadutsapo limamwaza kachilomboka m'ndevu monse, choncho dikirani mpaka timatuzato tiume n'kupola.

Lezala ndi la munthu mmodzi

Pometa khungu limachekeka ngakhale pamene magazi sakuoneka. Timagazi tosaoneka ndi maso timatsalira pa lezala ndi pamano a makina ometera. Kachilombo ka hepatitis B, kamene kamatupitsa chiwindi, kamakhalabe ndi mphamvu kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7, ngakhale m'magazi ouma, ndipo kamapatsirana mosavuta kwambiri kuposa HIV. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni padziko lonse anali ndi kachilomboka kokhazikika m'thupi. Ambiri a iwo sadziwa, chifukwa munthu amatha zaka akuoneka wathanzi chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Hepatitis C nayonso imayenda ndi magazi. HIV sichedwa kufooka ikakhala kunja kwa thupi, choncho kuitenga pa lezala n'kosowa, komabe chimenecho si chifukwa chotayirira.

M'nyumba imodzi, bambo akhale ndi lezala lawo, mnyamata amene wayamba kumera ndevu akhale ndi lake, mlendo apatsidwe latsopano. Kukana kubwereketsa lezala si kuumira kapena kukayikira m'bale wanu, chifukwa amene ali ndi kachilomboka osadziwa akhoza kukhala inuyo. Kulitsuka pamadzi kapena kulipukuta mwachangu ndi sipiriti sikutsimikizira kuti layera. Ngati makina amagetsi ndi amodzi pa anthu angapo, chotsani tsitsi lonse ndi kaburashi, kenako nyowetsani mano ake ndi sipiriti wa 70 peresenti kapena mankhwala opangidwira ntchito imeneyi, muwasiye kwa mphindi zingapo asanagwire munthu wina. Amene ali ndi zilonda kapena chipere asagawane makina ndi aliyense mpaka atachira. Katemera wa hepatitis B alipo ndipo amateteza bwino. Akuluakulu amene sanalandire ali ana afunse kuchipatala za kuyezetsa magazi ndi kubayitsa. Lezala lotha ntchito liziponyedwa m'kachitini kotseka, pamene ana sangafike.

Kametedwe kosavulaza

Musamete pouma. Tsitsi la ndevu ndi lolimba, koma likamwa madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu limafewa, ndiye nthawi yabwino yometa ndi pamene mwangotha kusamba. Minani kaye, sambani m'manja ndi kumaso, kenako pakani thovu lometera kapena sopo wofatsa. Metani motsatira kumene tsitsi lagonera. Pamlomo wapamwamba nthawi zambiri ndi kuchokera kumphuno kutsikira kumlomo, koma pakhosi limagonera mbali zosiyanasiyana, choncho yambani mwasisita ndi chala kuti mudziwe. Kumeta mobwerera kumasalaza, inde, koma ndiko kumadula tsitsi mozama. Dutsani kamodzi, mukachulutsa kawiri, osasindikiza, ndipo muzitsuka lezala pafupipafupi. Kukunga mlomo pang'ono kumathandiza kuti musadzicheke, koma kukoka khungu la pakhosi ndi pamasaya mwamphamvu kumachititsa kuti mukalisiya tsitsi lodulidwalo lilowe mkati.

Malezala a mipeni itatu, inayi kapena isanu anapangidwa kuti mpeni woyamba uzikoka tsitsi, otsatirawo azidula, ndipo tsitsi likabwerera limakhala pansi pa khungu. Kwa munthu wa tsitsi lowongoka zimenezi sizivuta kwenikweni. Kwa wa tsitsi lopotana ndiye poyambira mavuto. Iye chomuyenera ndi lezala la mpeni umodzi, kapena koposa, makina osiya tsitsi lotalika pafupifupi milimita imodzi. Ambiri amaona ngati kusiya timizu totere ndi kusadzisamala, koma nkhope yotero ndi yathanzi kuposa yometedwa mosalala yomwe mawa lake imadzuka ndi ziphuphu, ndipo patali pang'ono palibe angasiyanitse.

Ngati ziphuphu zachuluka kale, mankhwala ake oyamba ndi kusiya kumeta kwa mwezi umodzi kapena kupitirira. Tsitsi likatalika limadzisolola lokha m'khungu ndipo kutupa kumaphwa. Pothandizira, ikani kansalu konyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo, kenako sisitani mozungulira ndi kaburashi kofewa. Mukaona tsitsi lopindika limene nsonga yake yalowa m'khungu, mutha kuitukula ndi singano yopukutidwa ndi sipiriti, koma musalizule ndipo musakumbe. Lozulidwa limameranso pansi pa khungu n'kuyambitsa vuto lomwelo. Kukumba ndi kufinya kumasiya mawanga akuda otenga miyezi kuti afufutike, ndipo kwa anthu ena kumasiya zipsera zotupa zimene zimapitiriza kukula. Amene thupi lawo limapanga zipsera zotere asiyiretu lezala n'kumagwiritsa ntchito makina. Mawanga akudawo musalimbane nawo ndi mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol kapena betamethasone. Amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu zina, ndipo akapakidwa pa chipere amachibisa chikumakulirakulira.

Lezala lobuntha limakoka tsitsi m'malo modula. Lisintheni mukalimetera kasanu mpaka ka 7, kapena msanga ngati layamba kukoka kapena lachita dzimbiri, ndipo muzilisunga pouma. Mukatha kumeta tsukani ndi madzi ozizira n'kupaka mafuta ofewetsa khungu. Mafuta onunkhira okhala ndi sipiriti wambiri amathethetsa, ndipo ena amayesa kuti kuthethako ndiko kupha tizilombo, koma kwenikweni amaumitsa khungu lomwe lakandika kale. Mukadzicheka, panikizani ndi kansalu koyera kwa mphindi zisanu osachotsachotsa kuti muone. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, ndi odwala shuga amene zilonda zawo zimachedwa kupola, ndi bwino azimeta ndi makina amagetsi.

Kwa amene amasunga ndevu za pamlomo

Dulirani ndevu zili zouma. Zikanyowa zimaoneka zazitali, ndipo mutha kudula zambiri kuposa mmene mumafunira. Zipeseni kutsikira pansi ndi kachipeso ka mano ang'onoang'ono, tsekani pakamwa osamwetulira, kenako ndi kasizasi dulani zimene zaphimba mlomo, kuyambira pakati kupita kumbali. Dulani pang'onopang'ono, chifukwa ndevu zimakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi ndipo mukalakwitsa mudikira milungu. Tsitsi la m'mphuno lotulukira kunja lidulireni ndi sizasi ya nsonga zobulungira. Musalizule, chifukwa limasefa fumbi, komanso pozulapo ndi pamene mabakiteriya aja amalowera.

Achinyamata ambiri amauzidwa kuti akamameta pafupipafupi ndevu zimera zambiri ndi zakuda. Si zoona. Katswiri wina wa ku America, Mildred Trotter, anafufuza nkhaniyi mu 1928 ndipo anapeza kuti kumeta sikusintha kakulidwe, kunenepa kapena mtundu wa tsitsi. Lodulidwa limangomveka lokhakhala chifukwa nsonga yake yofewa yachoka. Kuchuluka kwa ndevu kumadalira chibadwa ndi mahomoni, ndipo kwa amuna ambiri zimapitiriza kudzaza ngakhale atapitirira zaka 20. Kupala khungu tsiku ndi tsiku pofuna kuzifulumizitsa kumangolivulaza.

Ndevu zosungidwa zizitsukidwa tsiku lililonse mpaka pakhungu, ndipo zizipukutidwa mukatha kudya ndi pamene muli ndi chimfine. Mfundu yotuluka pansi pake, pamodzi ndi kuyabwa ndi kusuwa m'mbali mwa mphuno, nthawi zambiri imachepa ndi shampu ya ketoconazole yosiyidwa kwa mphindi zitatu mpaka zisanu musanatsuke, kawiri pamlungu. Ikabwera mwadzidzidzi ndi mwamphamvu, kumaso ndi pachifuwa pomwe, ndi bwino kuyezetsa HIV, chifukwa nthawi zina ndi chizindikiro choyamba cha kutsika kwa chitetezo cha m'thupi.

Mankhwala odetsa imvi ambiri ali ndi kemiko yodetsa tsitsi yotchedwa PPD (paraphenylenediamine), imene kwa anthu ena imatupitsa milomo ndi nkhope yonse, ngakhale kwa amene akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka popanda vuto. Muziyesa kaye pang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono n'kudikira maola 48, ulendo uliwonse. Musapake pamene pali chilonda, ndipo milomo kapena lilime zikayamba kutupa kapena mpweya ukamabanika, thamangirani kuchipatala. Ufa ndi mafuta osungunula ndevu nawonso amawotcha khungu mukapitiriza nthawi yolembedwa papaketi, ndipo pafupi ndi milomo ndi mphuno ndi bwino kungowapewa.

Ndevu zambiri zimabisa khungu, choncho podulira muzizipatula n'kuyang'ana pansi pake ndi pamilomo yonse iwiri. Kachigamba kozungulira, kosalala, kopanda tsitsi koma kosayabwa nthawi zambiri kamabwera chitetezo cha m'thupi chikaukira mizu ya tsitsi. Sikapatsirana, ndipo kawirikawiri tsitsi limameranso. Koma chilonda, chotupa kapena chigamba choyera cha pamlomo chimene chatha milungu itatu osapola chikaonedwe ndi dokotala ngakhale chisakupweteka, makamaka ngati mumasuta fodya kapena mumagwira ntchito padzuwa, chifukwa khansa ya pamlomo imayamba motero ndipo ikapezeka msanga imachizika.